Khutu la Kumanja

Usiku wachitatu ndili pa nyimbo imodzi,
m'kachipinda kuseri kwa malo ometera ku Kapata,
makoma ake ndinawamata ndi matileyi a mazira.
M'mahedifoni zonse zili bwino:
gitala wa a Yotamu pakati,
mawu a mwana wawo Zelipa atatambasuka
ngati chitenje choyanika pa waya,
nsonga iyi kumanzere, inayo kumanja.

A Yotamu anavala, namvetsera,
phazi likugunda pansi mpaka kumapeto.
Kenaka anati, "Nanga mwana wanga mwamusiya kuti?"

Ndinati alimo, bambo, si uwu mzere wake ukuvina apa?
Anati iwo sanalipire kuti adzaone mizere.

Ndinayamba ndi chingwe, poti chingwe sichiyankha.
Ndinachizula, n'kuchiuzira, n'kuchibwezera.
Ndinakayikira sipika amene anagwa pa njinga chaka chatha.
Magetsi atathima ndinakhala mumdima
ndikuwerenga mapulagini pa zala,
agalu a ku Mchini akundithandiza kulakwitsa.
Zelipayo anakwera kale basi ya ku Katete,
kusukulu ya unamwino samulola foni m'kalasi,
ndipo sangabwerenso kudzaimba mpaka Disembala.

M'mawa ndinawazimitsa imodziimodzi,
monga wokonza njinga amamizira chubu m'beseni
kufuna pamene patuluke thovu.
Kompulesa ilibe mlandu.
Yosefa mawu ilibe mlandu.
Livebu, ija anandipatsa pa fulashi mnzanga wa ku Mwami:
thovu linatumphuka pomwepo.

Zelipa ndinamujambula ndi maikolofoni imodzi, mono, njira imodzi.
Pulaginiyo imadikira alendo awiri pakhomo.
Itaona mmodzi, inamukhazika kumanzere,
kumanja n'kutumizako mthunzi wake wokha,
wonyowa, wakutali,
ngati munthu woitana ali kuseri kwa phiri la Kanjala.
Makutu anga awiriwa ankasoka ziwirizo pamodzi
n'kundinamiza kuti ndi munthu wathunthu.

A Yotamu sanandiuze kanthu.
Ndinaona ndekha, mnyamata wometa atawapatsa moni,
momwe anatembenuzira thupi lonse
kuti moniyo agwere kumanja.
Zaka khumi ndi zinayi pambali pa makina opuntha thonje,
khutu la kumanzere analisiya komweko
pamodzi ndi ovolosi.

Ndinasandutsa njira ija sitiriyo,
Zelipa nalowa pa makomo onse awiri.
Ndinadina batani la mono kuti ndione ngati aime yekha,
ndipo anapyapyala, nachita ngati wamira.
Kunali kena kotambasula mawu kamene ndinaika n'kukaiwala:
kamatenga mbali ina n'kuitembenuza chadodolido,
kotero mbali ziwirizo zikakumana m'sipika imodzi
zimadyana mpaka kutsala mpweya.
Kameneko ndinakakonda, kamandimvetsa ngati ndili ku Lusaka.
Ndinakachotsa.

Ndinayesa pa foni yanga yong'aluka.
Ndinayesa pa wailesi ya wometa,
makina ake akulira pamutu pa munthu.
Wometedwayo anafunsa kuti woimbayu ndi wa mpingo uti.

A Yotamu anafika dzuwa litapendeka,
fumbi la mumsewu lili m'mapindiro a buluku.
Mbali ya kumanzere ya mahedifoni anaikankhira kumbuyo,
anati imangowatenthetsa pachabe.
Phazi silinagunde ulendo uno.
Vesi loyamba linatha, lachiwiri linayamba,
iwo maso ali pa matileyi a mazira.

"Ndi ameneyu," anatero.
"Wapumira pakati pa liwu, apo, mwamva?
Mayi ake ankachitanso choncho."
Ndinati ndikhoza kupadula, ndi ntchito ya mphindi imodzi.
Anandigwira dzanja lisanafike pa mausi.

Anandipatsa makwacha zana limodzi,
makumi asanu otsalawo akagulitsa soya.
Ndinawalemba m'kope, pansi pa kwaya ya ku Nabvutika
imene nayonso ikudikira soya yemweyo.